Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: tiphunzitsireni madokotala a matenda a magazi

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo,
a Mlembi Wamkulu mu undunawu,
akuluakulu a Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS),
ndi aphungu a m'komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene odwala sationa kawirikawiri. Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala china cha pa boma, ndipo chimene chimafika pa tebulo langa m'mawa uliwonse ndi timabotolo ta magazi, tolembedwa nambala ndi dzina la wodi. Ntchitoyi ndaigwira zaka 16. M'zaka zonsezi ndaona madokotala a maso, a mafupa ndi a matenda a amayi akubwera mwa apo ndi apo kuchokera ku chipatala chachikulu kudzaona odwala athu. Dokotala wa matenda a magazi sindinamuonepo atalowa pa khomo pathu ngakhale tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ndiyambe ndi mnyamata wina wa zaka 6. Mayi ake anabwera naye atamubereka kumbuyo ngati khanda, chifukwa miyendo inkamupweteka moti sakanatha kuponda pansi. Maso anali achikasu, zikhatho zili mbee, ndipo kumanzere kwa mimba kunali mizere ya mphini, zatsopano pamwamba pa zakale, pomwe asing'anga ankatemera kapamba wotupa. Magazi ake titawayeza anali pa 4, pamene mwana wathanzi wa msinkhu umenewo amayenera kukhala pa 11 kapena kuposa apo. Anamuthira magazi usiku womwewo, ndipo anachita bwino, chifukwa pakanapanda kutero sakanafika m'mawa. Koma nditapempha kabuku kake ka kuchipatala ndinapeza kuti aka kanali kachinayi m'chaka chimodzi. Tsamba lililonse nkhani yake imodzimodzi: malungo, kuchepa kwa magazi, LA, kuthiridwa magazi, kunyumba.

Ndinadontheza kadontho ka magazi pa kagalasi, n'kukafalitsa, n'kuthira utoto, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Maselo ofiira a munthu wabwinobwino amakhala obulungira, olowa pang'ono pakati ngati chitumbuwa chodinidwa ndi chala. Ambiri a mnyamata uyu anali opindika, osongoka uku ndi uku, ngati mwezi ukangooneka kumene. Ndinapita ku wodi kukafunsa mayi aja ngati mwanayu anatupapo manja ndi mapazi ali wakhanda. Anandiyang'anitsitsa nati, "Adokotala, mwadziwa bwanji? Anayamba asanakwawe n'komwe. Mkulu wake ankachitanso chimodzimodzi, tinamuika ali ndi zaka 3." Kwa odwala athu aliyense wovala zoyera ndi adokotala, ndipo tsiku limenelo dzinalo linandilemera. Kenako mayi aja anatsitsa mawu n'kundiuza kuti kuchimuna akuti magazi a kwawo ndi oipa, ndipo ena pamudzi akuti pali mfiti imene ikuwapopa anawo usiku.

Olemekezeka, zizindikiro zonsezi ndi za matenda a sickle cell, ndipo matendawa sabwera ndi mayi yekha. Mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ndipo makolo oterowo nthawi zambiri amakhala athanzi, osadziwa n'komwe kuti ali ndi kachigawo ka matendawa m'magazi mwawo. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mwayi woti mwana abadwe wodwala ndi umodzi pa inayi. Selo lofiira labwino limakhala masiku 120, lopindika limasweka pakatha masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake magazi sakhalitsa m'thupi. Maselo opindikawo amatsekanso timitsempha ting'onoting'ono, ndiye kumene kumachokera ululu wa m'mafupa umene umaliritsa mwana usiku wonse. Amawononga kapamba, mwana n'kumangogwidwa ndi matenda ena alionse. Akatseka mtsempha wa mu ubongo, mwana wa sitandade 1 amagwa sitiroko ngati nkhalamba.

Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene ndinalibe ndi njira yotsimikizira, chifukwa kuyeza kumene tinkatha kuchita pamalo pathu kumangosonyeza kuti maselo akupindika, osasiyanitsa wodwala ndi wongonyamula kachigawo. Mnyamata uja anamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Mayi aja ndalama ya minibasi analibe, ndipo chimanga chinali chikudikira kupalira. Patatha chaka ndinamuonanso mnyamatayo ali pa bedi, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, akulephera kutchula dzina la mayi ake. Sindikuloza chala munthu aliyense. Anamwino ndi ma clinical officer athu anachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Panalibe munthu amene ntchito yake yeniyeni inali kukhala pansi ndi kabuku kaja n'kufunsa kuti, kodi magazi a mwana uyu akutheranji?

Funso limenelo ndiye ntchito ya dokotala wa matenda a magazi. Ife tonse tinazolowera kuti magazi akachepa ndi malungo kapena kusowa kwa ayironi, basi. Koma kafukufuku amene anachitika ku Blantyre ndi ku Chikwawa, n'kusindikizidwa mu 2008 m'magazini ya New England Journal of Medicine, anaunika ana 381 amene magazi awo anali pansi pa 5, ndipo anapeza kuti kusowa kwa ayironi sikunali gwero lalikulu monga ambiri ankaganizira. Zinapezeka zina: mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, HIV, kuperewera kwa mavitamini A ndi B12, komanso vuto lobadwa nalo lotchedwa G6PD, limene limapangitsa maselo kusweka munthu akamwa mankhwala ena. Ana athu omwe anaphunzitsa dziko lonse lapansi kuti kuchepa kwa magazi kuli ndi mizu yambiri. Nanga woti azikumba mizuyo wodwala ndi wodwala ali kuti?

Ndipo si kuchepa kwa magazi kokha. Dokotala ameneyu ndi amene amaona mnyamata amene magazi sakuleka kutuluka atazulidwa dzino kapena atachita mdulidwe, n'kuzindikira kuti ndi hemophilia, ndipo amadziwa mlingo wa mankhwala oundanitsa magazi oti amubaye. Ndi amene amaona mayi amene mwendo watupa atangochira, chifukwa magazi aundana mu mtsempha, n'kumuyezera warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, mosamala kuti asachepe komanso asapitirire. Amaboola fupa la m'chiuno ndi singano yaikulu, n'kutenga mafuta a m'kati mwake, kumene magazi amapangidwira, n'kuwawerenga yekha pa maikulosikopu. Khansa za m'magazi ndi za m'timitsempha ta anabere ndi gawo lakenso, kuphatikizapo ija yotupitsa nsagwada za ana, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo a Elizabeth Molyneux analimbana nayo zaka zambiri ku chipatala cha Queen Elizabeth. Ndiyenso amalangiza za kuthira magazi: ndani athiridwe, ochuluka bwanji, ndipo ndani angathe kudikira. Zimenezi si zazing'ono m'dziko limene magazi ambiri amapereka ndi ana a sukulu za sekondale, moti sukulu zikatsekera, m'mafuliji athu mumapepuka.

Ndikumbuka tsiku lina pamene makina anandipatsa nambala ya maselo oyera yokwera kwambiri moti ndinayamba ndakayikira makinawo. Anali magazi a mtsikana wa zaka 19, wotuluka magazi m'nkhama. Pa kagalasi panadzaza maselo aakuluakulu osakhwima, amene sayenera kupezeka m'magazi a munthu. Ndinadziwa kuti ndi khansa ya m'magazi, koma mtundu wake sindikanatha kunena, ndipo mankhwala ake amasiyana malinga ndi mtundu. Ndinaika foni pa diso la maikulosikopu, n'kujambula, n'kutumiza pa WhatsApp kwa anzanga amene ndinaphunzira nawo. Aliyense anayankha monga momwe ankaganizira, koma tonse tinali anthu a msinkhu umodzi pa ntchitoyi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ifetu timafuna kufunsa, Olemekezeka, koma wofunsidwayo ndiye sitimupeza.

Tsono taonani kutalika kwa ulendo wopanga dokotala mmodzi wotere, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Mwana wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, wasankhidwa kupita ku KUHeS. Amachita chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za udokotala. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 pa chipatala chachikulu, Medical Council of Malawi isanamulole kuima payekha. Apa ndi dokotala wa matenda onse, sanayambe n'komwe za magazi. Ayenera kubwereranso m'kalasi ndi m'mawodi zaka zina 4 kuti akhale katswiri wa matenda a akuluakulu kapena a ana. Akatero m'pamene angalowe maphunziro a magazi enieni, amene ku South Africa amatenga zaka 2, ndipo a matenda a magazi ndi khansa za ana amene anayamba ku yunivesite ya Makerere, ku Kampala, mu 2016 amatenganso zaka 2. Pali njira inanso ya amene akufuna kukhazikika mu labotale, yomwe ku South Africa imatenga zaka 4 munthu atamaliza udokotala. Ku Britain, kumene dokotala wa magazi amaphunzira za mu labotale ndi za ku wodi pamodzi, gawo lomalizali palokha limatenga zaka 5.

Mukawonkhetsa njira yoyambayo mupeza zaka 13 ndi theka, ndipo kumeneko n'kuwerengera munthu amene sanabwerezepo kalasi, sanadikirepo ndalama za fizi, sanakhalepo zaka pa chipatala cha pa boma kudikira mpata. Zoona zake n'zakuti ambiri amadikira. Choncho mwana amene akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino adzayamba kuona odwala ngati katswiri wa magazi Nyumba ya Malamulo itasinthidwa pafupifupi katatu. Ndikudziwa kuti zimenezi zimachititsa kuti nkhaniyi izikankhidwira kutsogolo. Chipatala chomangidwa chimaoneka ndi maso, chimadulidwa riboni. Dokotala wotumizidwa kusukulu amadzabwera wina ali pa mpando. Koma m'mera mpoyamba, ndipo chaka chilichonse chimene sititumiza munthu n'chaka chimene tachiwonjezera tokha pa zaka 13 zija.

Mwayi ulipo woti sitikuyambira pa Fomu 4. Tili kale ndi madokotala a ana ndi a akuluakulu amene anamaliza zaka 4 zija. Kwa iwowa kwangotsala zaka 2.

Njira imeneyi tinaiyendapo kale monga dziko. College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, Malawi ankatumiza ana ake kunja kukaphunzira udokotala, ndipo ambiri sankabwerera. Anthu onga malemu a John Chiphangwi analimbikira kuti sukuluyi ikhalepo, ndipo lero madokotala amene ali m'zipatala zathu ambiri anaphunzira kuno kwathu. Malawi Blood Transfusion Service inayamba mu 2003, ndipo inasintha zambiri. Ine ndinawapeza akuluakulu a ntchito yathu amene ankasimba za masiku amene wodwala akafuna magazi, gadiyani ankathamanga kumudzi kukaitana abale usiku. Zinthu zimatheka boma likatsimikiza mtima.

Anzathu oyandikana nawo akutionetsanso kuti munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino amabala ambiri. Ku Tanzania, a Julie Makani atamaliza maphunziro awo a ukatswiri ku Britain anabwerera kwawo n'kuyambitsa ntchito yosamalira odwala sickle cell ku chipatala cha Muhimbili mu 2004, ndipo lero Tanzania ikuphunzitsa yokha madokotala a magazi. Ku Ghana, malemu a Kwaku Ohene-Frempong anasankha ntchito ya magazi mwana wawo woyamba atabadwa ndi sickle cell. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Philadelphia, koma mtima unali kwawo, ndipo mu 1995 anayambitsa zoyeza makanda ongobadwa kumene mu mzinda wa Kumasi. Khanda likadziwika msanga limayamba kumwa penicillin lisanakwane miyezi itatu, limalandira katemera yense, limatetezedwa ku malungo, ndipo mayi ake amaphunzitsidwa kugwira pamimba kuti adziwe kapamba akayamba kutupa. Zinthu zotsika mtengo, koma n'zimene zimasiyanitsa mwana woikidwa m'manda ali ndi zaka 3 ndi mwana womaliza sukulu.

Palinso mankhwala a hydroxyurea. Kwa nthawi yaitali anthu ankaopa kuti mwina sangayenere ana a ku Africa chifukwa cha malungo ndi kunyentchera. Kafukufuku wa REACH, amene anachitika ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda pa ana pafupifupi 600, n'kusindikizidwa mu 2019, anathetsa mantha amenewo. Ululu unachepa, kuthiridwa magazi kunachepa, imfa zinachepa, ngakhale malungo amene anachepa. Kapisozi ndi mmodzi patsiku, koma mlingo wake umayendera kulemera kwa mwana, ndipo magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi kuti maselo oyera asatsike mopitirira. Clinical officer wa pa boma atha kuyendetsa bwinobwino kiliniki yotere, ine n'kumamuyezera magaziwo, ngati kumtunda kuli katswiri amene anatiphunzitsa, amene timamuimbira foni zikavuta, ndipo amabwera kudzationa kamodzi pa miyezi itatu. Sindikupempha dokotala wa magazi m'maboma onse 28. Ndikupempha kuti ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Mzuzu ndi ku Zomba kukhale awiriawiri, wa ana ndi wa akuluakulu, ndipo aliyense apatsidwe maboma ake oti aziwayang'anira.

Kuti zimenezi zitheke, Olemekezeka, choyamba mipando yawo ilembedwe m'ndondomeko ya ogwira ntchito m'boma, ndi giredi yake ndi malipiro ake, anthuwo asanapite n'komwe. Dokotala wachinyamata amasankha ukatswiri poyang'ana kutsogolo. Akaona kuti akadzabwera ndi pepala la za magazi adzabwezedwa pa mpando womwe anausiya, adzasankha zina, kapena adzatsalira komwe anakaphunzirako, ndipo sindingamudzudzule. Ndalama za maphunzirowo zichokenso m'thumba la boma, zilembedwe pa mzere wakewake mu bajeti, anthu awiri chaka chilichonse. Abwenzi akunja atithandiza kwambiri, makamaka pa khansa za ana ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma mlendo amathandiza pamene waona kuti mpoyenera kwa iye, ndipo pulojekiti ikatha amapita. Atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Fizi ya madokotala awiri pachaka ndi kadontho chabe m'lonjezo limenelo. Wotumizidwayo asaine kuti adzagwira ntchito kwathu kuno zaka zingapo, palibe cholakwika, bola nalonso boma lisaine mbali yake.

Mbali ya bomayo ndi zipangizo. Dokotala wa magazi wopanda labotale yodalirika ali ngati mlimi wopanda khasu. Akufunika makina osiyanitsa mitundu ya hemoglobin (chinthu cha m'maselo ofiira chimene chimanyamula mpweya), mankhwala oyezera kuundana kwa magazi amene satha pakati pa chaka, singano zotengera mafuta a m'mafupa, kamakina kounikira mitsempha ya m'mutu mwa ana kuti woti angagwe sitiroko adziwike isanamugwere, ndi hydroxyurea amene akupezeka mwezi uliwonse mpaka ku zipatala za pa boma. Ndipo musatiiwale ife a mu labotale. Titumizeni nafenso tikasulidwe pa kawerengedwe ka magazi pa kagalasi, chifukwa diso loyamba kuona selo lachilendo ndi lathu.

Kwa akuluakulu a KUHeS, pempho langa ndi lakuti muyambe kulemba ndondomeko ya maphunzirowa panopa, kuti oyamba akadzangobwera adzapeze kalasi ikuwadikira. Odwala oti ophunzira aphunzirirepo tili nawo ochuluka kuposa amene mnzathu wa ku London angawaone pa moyo wake wonse. Mu 2021 makanda oposa 500,000 anabadwa ndi sickle cell pa dziko lonse, ndipo pafupifupi anayi mwa asanu alionse anabadwira mu Africa muno, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Matendawa anachuluka kuno chifukwa wongonyamula kachigawo amatetezeka ku malungo aakulu, choncho malo a malungo ngati kwathu kuno sangawazembe. N'zomvetsa chisoni kuti akatswiri ake achulukire kumene odwala ndi ochepa. Muikenso ophunzira a chaka chachinayi ndi chachisanu pa maikulosikopu nthawi yokwanira, chifukwa munthu sangakonde ntchito imene sanaionepo wina akuigwira.

Kwa inu aphungu, pa 14 June timakumbukira opereka magazi, pa 19 June odwala sickle cell, pa 17 April odwala hemophilia. Masiku amenewa timavala malaya olembedwa, timaguba, nkhani n'kutuluka pa wailesi. Ndikupempha kuti bajeti ya zaumoyo ikadzafika m'komiti mwanu, mmodzi wa inu adzaimirire n'kufunsa mafunso awiri: madokotala a magazi amene ali pa malipiro a boma ndi angati, nanga amene ali kusukulu panopa ndi angati? Yankho lake lilembedwe, ndipo chaka chamawa mudzafunsenso. M'dera la aliyense wa inu muli mayi amene akunenedwa kuti magazi a kwawo ndi oipa.

Mayi a mnyamata uja ndinakumana nawonso miyezi ingapo yapitayo ku sikelo. Ali ndi khanda lina, la miyezi iwiri. Anandikokera pambali, n'kuvundukula nsalu kuti ndione timanja ta mwanayo, nandifunsa ngati ndingamuyeze kuti adziwiretu. Ndinawalembera kalata ina yopita ku chipatala chachikulu, ndipo ulendo uno anzanga a mu wodi ya ana anasonkherana ya minibasi.

Ine wanu pa ntchito ya zaumoyo,
Woyeza magazi pa chipatala china cha pa boma